Alendo a Pansi pa Nyali

Stamatia atatsegula chitseko cha lesitilanti yawo m'mamawa, anapeza ana asanu a kamba wa m'nyanja akupalasa mchenga pansi pa nyali ya pakhomo, nyanja ataifulatira.

"Manolis! Tatulukani mudzalandire makasitomala anu."

Mwamuna wake anatuluka akuyasamula. Lamulo la m'mudzimo ankalidziwa bwino: akamba akamaswa, nyali zoyang'ana kugombe zizizima, poti anawo amalondola kuwala poyesa ndi nyanja. Koma iye ankati mdima umathawitsa odya.

"Ndingowatola ndikawaponye m'madzi," anatero.

"Yerekezani! Akapanda kukwawa okha sakhwima, akamira. Ndipo dzuwa ili liwawotcha pompano."

Stamatia anakwera pampando, nazula babu, naliponya m'thumba la epuloni. Anawatembenuza anawo kuti ayang'ane kumadzi, kenako anasolola nsalu ya patebulo namupatsa mwamunayo.

"Muwachitire mthunzi mpaka akafike. Pa liwiro lawo, osati lanu."

"Mkazi iwe, asodzi andiseka."

"Akusekeni. Ine ndili ndi ana anga oti ndiwadzutse."

Manolis anatambasula nsalu ija, nawerama, nayamba kuyenda chafutambuyo.