Magetsi Osatsata Mzere

"Magetsi awa amayenda pamzere, mayi."

"Sindikufuna mzere."

"Anthu adzati amene anaboola siling'i iyi anali atamwa."

"Adzanene. Inu boolani pamene ndalemba."

Wamagetsi anaima pamakwerero nayang'ana kumwamba. Siling'i inali yatsopano, mabolodi oyera olenjekeka pazitsulo, pamwamba pake pali mpata wodutsamo mawaya. Pamabolodipo mkaziyo anali atalembapo timitanda ndi pensulo, apa ndi apo, ngati mpunga wotayika pansi.

"Ndikufuna aoneke ngati nyenyezi," anatero mkaziyo.

Kalelo wamagetsi akanaseka. Mkaziyu anali chibwenzi chake kuchokera kusukulu, mpaka tsiku limene anasankha woyendetsa thiraki, wamtali, wa mawu odzaza chipinda. Kuyambira pamenepo mtima wa wamagetsi unangoti zii, ngati nyumba yodulidwa magetsi. Anasamukira mbali ina ya tauni, nasiya kufunsa za iwo. Foni ya mkaziyu itabwera sanamve kanthu. Anangonyamula chikwama cha zida. Ntchito ndi ntchito.

"Nanga ili?" Analoza kamtanda kamodzi. "Lagwera pamwamba penipeni pa bedi. Munthu akagona lizimulasa m'maso. Pamenepa sitiika babu."

"Muike lofooka. Koma likhale pomwepo."

"Nyumba ndi yanu, mayi."

Anagogoda bolodi ndi chala kuti amve pamene padutsa chitsulo. Kenaka anayatsa chobowolera. Fumbi loyera linamugwera m'tsitsi ndi m'mphuno. Kabolodi kozungulira kanagwa pansi, kanagubuduka mpaka pamapazi a mkaziyo. Iye sanakatole. Anangopinda manja, maso ali gwa, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti sibwera.

Bowo likabooleka silibwerera. Wamagetsi anapisamo dzanja, nakoka waya, naulumikiza. Anapana timasipuling'i tiwiri ta m'mbali mwa babu, nalikankhira m'bowomo. Linangoti khwa, lalowa, osatulukira ngakhale pang'ono. Anasuntha makwerero kupita pakamtanda kotsatira.

Munthu akakhala pamwamba amaona zambiri. Bedi lalikulu la anthu awiri linali litamasulidwa, matabwa ake atatsamira khoma m'khonde. M'malo mwake munali kabedi ka munthu mmodzi. Kapeti anali atachotsedwa. Kabati ya zovala inali yotsekula pang'ono, ndipo mbali imodzi munalibe jekete kapena lamba, munangotsala mahang'ala. Pakhomo panalibe nsapato zazikulu zija. Panja, pamene thiraki inkaima, panali patamera udzu.

Sanafune kuganiza, koma maganizo sapempha chilolezo. Oyendetsa mathiraki amadziwika, tauni iliyonse ili ndi khomo lake. Ndiye kuti wapita. Wanyamula zake, wasiya mkazi ndi kabedi kopapatiza.

Ali pabowo la pamwamba pa bedi, mwendo umodzi wa makwerero unaterereka pasimenti.

"Iwe! Samala, ugwa!"

Mkaziyo anali atagwira kale makwerero ndi manja onse awiri. Tsiku lonse anali akuti inu, inu, ngati akulankhula ndi mlendo wodzawerenga mita. Tsopano wati iwe. Liwu laling'ono ngati limenelo, koma linamudutsa m'thupi ngati wagwira waya wosenda.

"Sindigwa," anatero. "Ndinagwa kale."

Mkaziyo sanaseke, komanso sanasiye makwerero. Anawagwira mpaka bowo lomaliza.

Tsopano manja a wamagetsi anafulumira. Timitanda tija sitinamunyansenso. Anayamba kuona kuti apa pali tiwiri toyandikana, apo kamodzi kosochera kokha, ngati mmene thambo limakhalira. Anakumbuka kuti kusukulu mkaziyu sankatha kujambula ngakhale mzere umodzi wowongoka, rula ili m'manja. Anaganiza zoti mawa apeze chifukwa chobwerera. Swichi yogwedera mwina. Soketi ya kukhitchini. Nyumba siisowa chokonza.

Dzuwa lisanalowe anamaliza. Anasesa fumbi, napinda makwerero.

"Tseka makatani," anatero. Nayenso anali atataya inu.

Chipinda chinada. Anadina swichi.

Anthu sakanati anali atamwa. Siling'i inasanduka thambo, timagetsi titamwazikana, tina towala, tina tofooka. Mkaziyo anavula nsapato, nagona chagada pakabedi kaja, manja m'mbali, osagwedeza mutu. Anangoyendetsa maso okha, kumanja, kumanzere. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Likukulasa?" anafunsa wamagetsi.

"Ayi. Lili bwino."

Wamagetsi anakhala m'mphepete mwa bedi, mtima ukugunda ngati wa mwana wa sukulu. Mawu amene anawakwirira kalekale anali atafika pakhosi.

"Amagetsi adzaza tauni yonse," anatero chapansipansi. "Bwanji unaitana ine?"

Mkaziyo sanachotse maso kumwamba.

"Ndi mwamuna wanga amene anati ndikuitane, akuti wina aliyense akanandikakamiza mzere. Akutuluka m'chipatala Lachisanu. Thiraki inagubuduzika, kuyambira m'khosi kutsika samva kanthu. Munthu wazolowera kugona pamsewu, pansi pa thambo. Ndimangofuna kuti akamagona apa asamaone bolodi lokhalokha."