Mkamwini Anagwira Chitenje Chokha

Lipenga la dzuwa likalira, aliyense amatsekeka m'nyumba mpaka madzulo chifukwa cha kutentha. Ukapezeka panja, banja lonse limadulidwa madzi sabata imeneyo. Amene anakonza lamuloli amakhala m'nyumba zozizira, ndipo sanatembenuzepo mayi wodwala pamphasa.

Amayi anafa ziwalo mbali imodzi. Akagonera malo amodzi nthawi yaitali, khungu limanyuka n'kusanduka chilonda. Tsiku limenelo ndinaona pachiuno pawo patada ndipo pakutentha. Mng'ono wanga, amene timathandizana kuwatembenuza, lipenga linamutsekera kwake kutsidya kwa msewu. Ndekha sindikanatha.

"Ndikukamutenga! Adule madziwo, aone ngati tife!" ndinakalipa, ndikusakasaka nsapato.

Amuna anga, a Yotamu, anaima pakhomo. Chikwatiranireni anali asanalowepo kuchipinda kwa apongozi awo, ngakhale kuwayang'ana kumaso.

"Nanga anawa amwa chiyani? Yalani chitenje pansi pa amayi," anatero.

Ndinachilowetsa pang'onopang'ono kunsi kwa msana wa amayi. A Yotamu analowa chogwada, nkhope atalozetsa kukhoma, n'kugwira nsonga za chitenjecho. Tinakoka limodzi, amayi n'kutembenuka popanda dzanja la mkamwini kuwakhudza. Ndinawaikira pilo pakati pa mawondo n'kusalaza makwinya onse a nsalu.

"Tiyese," amayi anandiitana, "uwauze apongozi anga kuti amakoka bwino kuposa iwe."

"Muwauze kuti ndamva," anayankha a Yotamu, maso akadali kukhoma, "ndipo ndibweranso dzuwa likapendeka."