Tsabola wa a Vitus Wayamba Kuwawa

A Vitus ankazula tsabola wawo ngati pali wina akuwathamangitsa. Dimba lonselo, m'dambo la ku Chiosya, linali la tsabola wamkulu wosawawa uja, yemwe ankakapereka ku lesitilanti ya mayi Esitele pa boda ya Mchinji. Wowagula wodalirika anali yekhayo, ndipo ankamuopa kuposa matalala.

Vuto linayamba ndi kuchenjera. Chaka chimenecho a Vitus ananena kuti mbewu ya m'sitolo ndi ya anthu aulesi, ndipo anafesa njere zosunga okha. Tsabola anabereka wonenepa, wonyezimira. Anatumiza madengu ku boda osalawa n'komwe. Amene analawa anali apongozi awo, ndipo anachoka pa mkeka misozi ili chuchuchu.

Alangizi a zaulimi atafika, analoza tsabola wa kambuzi amene a Anasi, akazi awo a Vitus, anabzala m'mphepete mwa dimba.

"Awa ndi pachibale, bambo, munthu ndi msuweni wake, ndiye amakwatirana," anatero alangiziwo. "Chaka chatha njuchi zinatenga mungu wa kambuzi n'kukausiya pa maluwa anu. Ana ake ndi amenewa, thupi la mayi koma ukali wa bambo."

Kenaka panabwera uthenga woti mayi Esitele afika okha Loweruka, pa nkhani ya tsabola uja. Mayi amenewa sankasiya mapoto awo popanda chifukwa chachikulu. A Vitus anagwidwa ndi mantha ndi manyazi omwe. Anaganiza kuti njira yopulumutsira msika wawo inali imodzi, mayiwo adzapeze kuti cholakwacho chakonzedwa kale.

"Bwanji osayamba mwamva chomwe akudzera?" anafunsa a Anasi.

"Inu khalani chete. Mkamwini wosadziwikayu munamubweretsa ndinu," anayankha a Vitus akuloza kambuzi uja.

Anazula zonse, ndi kambuzi yemwe. Anaunjika pakati pa dimba, kuponyapo njere zotsala, kuphimba ndi mapesi n'kuyatsa. Utsi wake unatsokomoletsa ngakhale mbuzi.

Mayi Esitele anatsika pa njinga ya kabaza moto ukuzirala. A Vitus anavula chipewa, n'kuyamba kupepesa mayiwo asanakhale ndi pansi pomwe.

"Mayi, ndinalakwa. Koma onani nokha, sipanatsale ngakhale kamtengo kamodzi. Ndiyambiranso ndi mbewu ya m'sitolo."

Mayi Esitele anayang'ana mulu wa phulusa uja, kenaka a Vitus, n'kukhala pansi pa mzere.

"Bambo inu," anatero, "madalaivala a mathiraki akuchita kusiya malesitilanti a ku Chipata kudzadya kwanga chifukwa cha tsabola ameneyo. Ine ndimabwera kudzakupemphani kuti musagulitse kwa wina aliyense, dimba lonseli nditenge ndine."