Amene Anamata Siliva

"Tinthu ta silivati n'tating'ono moti maso sangatione, koma ndinatimata papulasitikiyu ndi manja angawa," anatero mkulu wa labotale, akuonetsa kapaipi kwa alendo ochokera kuchipatala. "Majeremusi akangokhudza, amafera pomwepo."

Mayi amene ankagwira naye ntchito anaima kumbuyo. Kwa zaka zinayi ndiye ankaviika mapaipiwo m'mankhwala kuti siliva agwire osasukuluka, mpaka zala zake zinada ngati za makaniko. Palipoti limene alendowo ananyamula, dzina lake panalibe.

"Nanga mayiwa ndi ndani?" anafunsa dokotala wamkulu.

"Awa amatithandiza kutsuka mabotolo."

"Chabwino. Tisanavomere, mutipangire kamodzi tikuona. Paja mapaipiwa azilowa m'matupi a odwala."

Abwana a labotale aja anaseka kaseko kopanda mano, n'kuvala magolovesi pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa mayi uja ndi maso opempha.

"Mayi, mwina muyambe inuyo, muphunzireko."

"Ayi bwana, ine ndingawononge zinthu za anthu ophunzira. Mukamaliza mundiuze, ndidzachotse zakuda."

Mayiyo anakhala pampando n'kupinda manja. Abwana anazungulira tebulo kawiri, n'kusankha botolo limene linkaoneka laulemu kuposa onse. Anathira madzi ake pakapaipi mosamala kwambiri, uku akutchula mawu aatali a sayansi, alendo ali kalikiliki kulemba.

Posakhalitsa chipinda chonse chinayamba kununkhira sopo wa mandimu, thovu likudonthera pansapato za dokotala.