Fuko ndi Chipewa cha Njiri

Padangokhalatu, Gologolo ndi Fuko adabenthula mano potafuna chimanga chouma. Onse adapita kwa Gogomole, mmisiri wosema zipewa zovundikira mano obenthuka.

"Lumani dongo ili, ndione kukula kwa dzino," adatero Gogomole.

Gologolo adadabwa, koma adaluma, n'kumasuzumira kadzenje kamene dzino lake lidasiya.

Fuko adaseka. "Achimwene, mwayamba kudya dothi? A Gogomole, ine ndipatseni chipewa chachikulu chija mudasemera Njiri!"

Pokolola mtedza, chipewa cha Gologolo chidakwana ngati adabadwa nacho. Cha Fuko chidatsekereza pakamwa, milomo osakumana, njala n'kumupweteka.

Gologolo adamuswera mtedza mwakachetechete, n'kumusendezera kadongo.

"Lumani, achimwene. Sindiuza aliyense."

Koma Fuko adachita manyazi, adathawira pansi pa nthaka. Mpaka lero amakhala komweko, mano ali panja.