Mkazi Amene Amagwa pa Mjigo

Chimpeni atayamba kupepesa mbuzi, shopu yonse ya Jimu inafa ndi phwete.

"Pepa mwanawe, si ine, ndi makasitomala," anatero munthu wa pa kanemayo, akupukuta misozi kwinaku akunola mpeni.

Linali Lamulungu masana pa Lisungwi. Masiku ena onse Jimu ankameta anthu ndi kutchaja mafoni, koma Lamulungu ankatembenuzira kanema wake wa sola ku mabenchi kuti anthu aonere Tauni ya Fumbi, sewero lanthabwala la kamsika kakumudzi. Anthuwo ankalikonda pa chifukwa chimene sankachitchula mokweza. Chimpeni wa m'seweromo anali a Zefaniya enieni, opha mbuzi a pamsika pomwepo. Kutsimphina komweko, chipewa chofiira chomwecho, ngakhale chala chija chimene chimatsalira pa sikelo.

A Zefaniya anali pa benchi yakutsogolo, manja atapinda, tsaya likugunda. Mkazi wawo Stelia anakhala pansi pakhomo pamodzi ndi amayi anzake, duku atalitsitsa mpaka pa diso lakumanzere. Iye ankangodikira kuti foni yake idzaze.

Itafika nthawi yolengeza malonda pa kanemayo, mtsutso unabuka monga mwa masiku onse.

"Ine amene amandipha ndi mkazi wa Chimpeni," anatero Gerishon wa kabaza. "Sabata iliyonse ati wagwa pa mjigo! Ulendo uja mkono, lero diso. Munthu wamkulu kumangogwa ngati mwana wophunzira kuyenda?"

"Amugulire magalasi basi," wina anaponya, ndipo anthu anasekanso mpaka kutsokomola.

Gerishon, amene pakamwa pake palibe mabuleki, anapitiriza. "Koma alembi amenewa ndi afiti ndithu. Zopepesa mbuzizi anazimva kuti?"

Funsolo linali litavula sewero lonse. Maso a anthu anapita ku khoma lakumbuyo, chifukwa kuseri kwake ndi kumene kuli mtengo umene a Zefaniya amapherapo mbuzi m'mamawa. Kuchoka ku khomalo anatera pa Jimu. Ndani wina ankagona m'shopumo n'kumamva zonse za kuseriko? Ndani ankagwira mitu ya anthu tsiku lonse, eni ake akukhuthula nkhani za eni? Ndani ankakwera basi mwezi uliwonse kupita ku Blantyre, ati kukagula mabatire?

Jimu anamwetulira. Mwina anali mantha chabe, koma kumeneko ndiko kunali kulakwa kwake.

A Zefaniya sanafunse kanthu. Anadzuka ndi benchi yomwe anakhalapo, n'kuitsitsira pa phewa la Jimu. Fupa linamveka kuti thyo. Jimu anagwera pa tebulo la mafoni, mawaya n'kumukulunga, mafoni n'kumwazikira pansi. Asanadzuke, dzanja lozolowera nyanga za mbuzi linali litamugwira kale pakhosi.

"Umandigulitsa ku tauni, galu iwe? Ndakhala choseketsa cha dziko lonse chifukwa cha iwe?"

"Akulu, ndikulumbira, si ine!"

Chibakera choyamba chinamutseka pakamwa. Chachiwiri chinatulutsa dzino, n'kukagwera mu tsitsi lometa limene linali pansi. Chachitatu chinatsegula chikope, magazi n'kuthamangira m'khutu. A Zefaniya ankamenya mosapupuluma, ngati munthu amene ntchitoyi amaidziwa bwino.

Zochititsa manyazi n'zakuti palibe analeretsa. Amuna khumi ndi awiri amphumphu anangokanikizana ku makoma. Ena mumtima ankati wazifuna yekha, kazitape salira. Gerishon, amene anayatsa motowo, anali atafika kale panja, akuyang'ana tcheni cha njinga yake ngati chaduka.

Malonda anatha, sewero n'kubwerera. Pa kanema panaoneka mkazi wa Chimpeni, diso litatupa, akuuza anthu a pamsika kuti wagwanso pa mjigo. Kuseka kojambula kunadzaza shopu. A Zefaniya anasiya Jimu, anatola mwendo wa benchi wothyoka, n'kuukhomera pakati pa galasi. Kanema anathetheka, n'kuzima.

"Tione ngati mawa ulembenso," anatero, akupuma mwaphuma.

Jimu anagona chammbali, akulavula magazi, dzanja lake lometera litapindika molakwika. Apa m'pamene anthu anakumbukira kuti ali ndi miyendo. Anamunyamula ngati thumba la chimanga, Gerishon n'kubweretsa njinga kuti amuthamangitsire kuchipatala. Panjira ankagwirizana kuti a Zefaniya awonjeza, komabe mnyamatayo anaputa dala. Bola tsopano zinsinsi za pa Lisungwi zipumako.

A Zefaniya anafufuza m'mafoni omwazikawo, natola ya mkazi wawo, n'kumuponyera pamiyendo.

"Iwe, usadzatchajenso pano. Tiye, ukandichapire malayawa."

Anatsogola akutsimphina. Stelia anatsala pakhomo, maso ali pa magazi a munthu wosalakwa amene ankauma pa simenti. Miyezi isanu ndi umodzi anthu a pa Lisungwi anazindikira chipewa, anazindikira mwendo, anazindikira chala cha pa sikelo. Chinthu chimodzi chokha ndicho sanachizindikire.

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Unali uthenga wochokera kwa Estere, mng'ono wake, amene amalemba seweroli ku Blantyre pa dzina lobisa.

"Achemwali, ndaika zonse monga munandiuzira. Lero alipo amene wakufunsani za disolo?"

Stelia anatsitsanso duku lake, n'kulemba: "Palibe. Aseka."