Chikwama cha Kunja

Nkhani iyi anandiuza ndi mkulu wina wokonza makina olukira, tili pa benchi kudikira basi yomwe sinkabwera. Akuti iye analipo, kabotolo ka oyilo kali m'manja.

Tsikulo anali m'chipinda cha mayi wina woluka, akupukuta makina. Anali makina akalekale, omangirira pa tebulo, singano zili ndandanda ngati mano a chipeso. Pakona panali katoni ya zikwama za ulusi wa thonje, zonse zopanda zogwirira. Lachisanu lililonse kunkabwera galimoto kudzazitenga zili choncho.

"Mayi, singano iyi lero ndiizule," anatero mkuluyo.

"Isiyeni."

"Chaka chilichonse isiyeni, isiyeni. Kodi ndi m'bale wanu?"

Singanoyo inali yopindika pang'ono kumutu. Kuluka inkaluka, koma molekerera, moti chilichonse chochoka pa makinawo chinkakhala ndi kamzere kochokera pamwamba mpaka pansi. Anaipinda ndi mwana wawo wamkazi ali ndi zaka zisanu, akusewera. Majuzi ake onse a kusukulu anali ndi kamzereko, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Kanjira. Dzinalo linamumamatira mpaka kukula.

Ali mkati molankhula, chitseko chinatseguka. Anali Kanjira yemweyo, tsopano wa mu ofesi, nsapato zogogoda, kununkhira kuli patsogolo. Anapereka moni wa theka n'kukhazika chikwama pa tebulo, pafupi ndi makina.

Chinali chikwama choluka, cha thonje, choyera ngati mkaka. Zogwirira zinali zachikopa. Pakati pake panatsika kalamba kachikopa, kosokerera kuchokera kukamwa mpaka pansi, kolembedwa dzina la sitolo m'zilembo zagolide.

"Amayi, taonani momwe anzanu amalukira. Cha kunja chimenechi. Sitolo yake mumachita kupukuta mapazi polowa."

Mayiwo anapukuta manja pa nsalu asanachikhudze.

"Nanga chija ndinakulukira poyamba ntchito?"

"Ndimasungiramo anyezi."

Wokonza makina anaweramitsa mutu n'kumathira oyilo pomwe anali atathira kale.

Kanjira sanalekere pomwepo. Anati watopa. Kusukulu anamuseka, ku ofesi sakufuna kusekedwanso. Anzake akamufunsa ntchito ya mayi ake amangoti ali pakhomo. Anakankha katoni ija ndi nsonga ya nsapato n'kuti zimenezi n'zonyamulira tomato, n'chifukwa chake ozigula amabwera mwakachetechete ngati akudzatenga zinyalala. Wabweretsa chikwamachi kuti amayi achione, achitsanzire, mwina tsiku lina adzaluke chinthu choti munthu n'kutchula kuti waluka ndi mayi anga.

Mayiwo anachitembenuza. Anachipapasa m'mbali, anakoka pansi pake kuti aone ngati chikutamuka.

"N'chabwino," anatero.

"Mungathe kuluka chotere?"

"Kuposa apa sindingathe, mwana wanga."

"Simunayese n'komwe! Werengani mizere yake, muone kuti anagwiritsa ntchito singano zingati."

Apa m'pomwe wokonza makina analowererapo, ndipo akuti mpaka lero amadziimba mlandu. Anangofuna kuthandiza. Anati kuti munthu awerenge bwinobwino, kalamba kachikopako kakutchinga pakati.

Kanjira anatola sizasi pa tebulo.

"Usachotse," anatero mayiwo. "Uwononga chinthu chodula."

"N'changa. Mudzasokereranso, kusoka kokha mumatha."

"Ndati usachotse, iwe."

Aka kanali koyamba mayiwo kukweza mawu. Kanjira anaseka pang'ono. Anaganiza kuti amayi akuopa kuphunzira, monga amachitira anthu akuluakulu akaona chinthu chowaposa. Analowetsa nsonga ya sizasi n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi, kuyambira pamwamba. Mayiwo anakhala pa mpando wawo, manja pa maondo, maso pa simenti, ngati ndi iwo agwidwa ndi kanthu.

Kalambako kanagwera pa tebulo.

Pansi pake panali kamzere kolekerera, kowongoka, kochokera pamwamba mpaka pansi. Kanjira anakadziwa asanakakhudze, pakuti anakavala pachifuwa zaka zisanu ndi zitatu. Anayang'ana katoni ija, anayang'ana singano, kenako sizasi inamupulumuka m'manja.

"Ndimati usachotse," anatero mayiwo motsitsa. "Unali utachikonda."

Mabasi atafika, mkulu uja anakwera ya kwina, ndipo sindinamuonenso. Ine ndayenda, ndamva zambiri, ndipo zoti mwana sangadziwe komwe ntchito ya mayi ake imapita ndikhoza kuvomera. Chomwe ndikukayika ndi singanoyo. Singano yopindika singalimbe zaka makumi awiri osathyoka. Ndikuganiza kuti ikathyoka, mayiwo amatenga yatsopano n'kuipinda okha.